Zakuseri kwa filimu ya mnyamata wa ku Wimbe

Mayi a Tadala: Moni nonse pagulu pano. Loweruka magetsi anatichitira chifundo, ndiye tinakhala pansi ndi ana kuonera The Boy Who Harnessed the Wind, ija ya William Kamkwamba, mnyamata amene anamanga makina amphepo opangira magetsi. Ine ndinaionera kale itangotuluka, koma anawa kanali koyamba. Tisanafike ndi pakati pomwe, Tadala wanga wa folomu wanu akuti, "Amayi, bambo akewo bwanji akuyankhula ngati ansembe achizungu a ku parishi?" Ndinaseka mpaka misozi. Kenako mafunso anangoti vuu: anajambulira kuti, anthuwo ndi a kuno kapena ayi, galu uja anafadi? Ine zambiri ndinangoyankha kuti gonani. Odziwa tithandizeni, mwanayu sakundipatsa mpata.

Shasha wa ku Zomba: Kkkkk Tadala sananame. Ine ndinachita kuwerenga mawu achingerezi apansi aja kuti ndimve Chichewa changa chomwe.

Mlamu wa ku Leeds: Mayi a Tadala, muuzeni mwanayo kuti khutu lake lili bwino. Amene anasewera ngati a Trywell, bambo ake a William, ndi Chiwetel Ejiofor. Anabadwira ku London mu 1977, makolo ake ndi a ku Nigeria. Ndi yemwe uja wa mu 12 Years a Slave, ndipo mawu a Scar mu The Lion King ya 2019 ndi ake. Pa filimu iyi anasenza mitolo itatu: analemba yekha, anatsogolera kujambula, n'kuseweranso. Inali filimu yake yaitali yoyamba kutsogolera. Chichewacho anachita kuphunzira chifukwa cha ntchito imeneyi.

Mayi a Tadala: Nanga kamnyamata kaja? Kaja ndiye ndimati ndi kathu.

Mlamu wa ku Leeds: Maxwell Simba, wa ku Kenya. Mayi ake a William mu filimumo ndi Aïssa Maïga, anabadwira ku Dakar koma anakulira ku France, mafilimu ake ambiri ndi a Chifalansa. Mphunzitsi wa njinga ya dayinamo uja ndi Lemogang Tsipa wa ku South Africa. Mayi wa ku laibulale ndi Noma Dumezweni, anabadwira ku Swaziland, makolo ake a ku South Africa, koma anakulira kuno ku Mangalande. Athu enieni mwa odziwika ndi Lily Banda, woyimba uja, amene anasewera ngati Annie, mlongo wake wa William, ndi Philbert Falakeza amene anali Gilbert, mwana wa mfumu.

Koma chimene chimandiseketsa mpaka lero ndi mfumu. Yang'anitsitsani nkhope ya mfumu Wimbe. Amene munkaonera The Fresh Prince of Bel-Air, mukumukumbukira Geoffrey, wantchito wa m'nyumba wamwano uja? Ndi yemweyo, Joseph Marcell.

Shasha wa ku Zomba: Bodza! Geoffrey wa Will Smith anadzakhala T/A ku Kasungu? Anakwezedwa pantchito bwanji kkkk

Wa ku Chamama ali ku Joni: Za malo ndiyankhe ine. Anajambulira kwathu ndithu, mu 2017, ku Kasungu dera la Wimbe, pafupi ndi pamudzi pa a Kamkwamba penipeni. Ambiri mwa anthu amene mukuwaona pamsonkhano, pamaliro ndi pamsika paja ndi anthu a m'midzi yozungulira. Ine ndili kuno ndinaionera pa foni, usiku nditaweruka. Nditangoona dothi lofiira lija ndi mitengo ya bulugama, ndinaimitsa kaye filimuyo. Sindinapite kumudzi zaka zinayi nthawi imeneyo.

Aphunzitsi Nachisale: Pamenepo ndiye ndimawayamikira. Akanatha kukajambulira ku South Africa kapena ku Kenya kumene zipangizo ndi akatswiri zili pafupi, ife sitikanachitapo kanthu. Anasankha kubwera kumudzi. Koma za chiyankhulo, ndiloleni ndikhalepo pang'ono, poti ndaphunzitsa Chichewa zaka zambiri ndisanapume.

Vuto la alendowa si mawu ayi. Ziganizo zambiri n'zolondola, zikuoneka kuti amene anamasulira amachidziwa Chichewa. Vuto ndi kamvekedwe. Chichewa chili ndi nyimbo yake, mawu amakwera ndi kutsika. Mtengo wa kunkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba chimodzimodzi, koma palibe Mchewa amene amasokoneza akamva. Chachiwiri ndi mpweya uja timatulutsa pa ph, th ndi kh. Kuponya ndi kuphonya n'zosiyana, kama ndi khama n'zosiyana. Mlendo akaloweza chiganizo, amachinena ndi nyimbo ya chiyankhulo cha kwawo, ndiye khutu lathu limakana. Mukamvetsera bwino, kamnyamata ka ku Kenya kaja kakuyandikirako kuposa akuluakuluwo, ndipo ine sindidabwa. Wodziwa Chiswahili ali kale pakhomo pathu: iwo amati mvua ife mvula, iwo njaa ife njala, iwo maji ife madzi, moto ndi moto basi. Lily Banda akangotsegula pakamwa ndiye umachita kumva kuti eya, tafika kwathu.

Shasha wa ku Zomba: Ndiye madamu, bwanji sanangotenga athu onse? Malawi muno ochita zisudzo atha? Anthu takulira pa masewero a pa wailesi ife.

Mlamu wa ku Leeds: Aise, filimu ndi ndalama. Imeneyi ndalama zake zinachokera ku BBC Films, BFI ndi Participant Media, ndipo anthu otere satulutsa chikwama popanda dzina loti likagulitse kunja. Ejiofor anawerenga buku la William ndi Bryan Mealer litangotuluka mu 2009, filimu n'kudzatuluka mu 2019. Zaka khumi akuyenda nayo nkhaniyi. Akanati iye asaonekemo, ndikukayika ngati Netflix ikanaigula.

Shasha wa ku Zomba: Iyeyo chabwino, ndi mwini filimu. Koma mayi, mphunzitsi, mfumu, mwana, onse alendo? Pamenepo ndiye ayi. Mlendo ndi mame, koma awa anachita kudzaza bwalo lonse.

Aphunzitsi Nachisale: Mwana wanga, mbali ina ndikugwirizana nawe. Malo a mfumu ndi a mphunzitsi akanatha kupatsa athu, filimu sikanagwa. Koma taganiza njira inayo. Akanatha kuwayankhulitsa onse Chingerezi chokhala ndi kamvekedwe kongopeka ka "ku Africa", monga amachitira mafilimu ambiri. Apa anasiya Chingerezi kusukulu ndi m'malo a boma, kunyumba n'kuikako Chichewa, monga momwe timakhalira. Ine kumva munthu wa ku London akulimbana ndi chiyankhulo changa mpaka thukuta, ngakhale akupunthwa, sindingamunyoze. Mitu ya zigawo za filimuyo munaiona? Kufesa, Kukula, Kukolola, Njala, Mphepo. Anthu a m'mayiko ambirimbiri anawerenga mawu amenewa pa sikirini.

Mlamu wa ku Leeds: Ndipo Chichewa chomwecho ndi chimene chinaipatsa mwayi wina. Dziko la Britain linaisankha kuti ikaliimire ku Oscar m'gulu la mafilimu a mayiko ena, limene lamulo lake ndi loti mawu ambiri asakhale a Chingerezi. Tangoganizani, Mangalande kutumiza filimu ya Chichewa. Siinalowe m'gulu la zisanu zomaliza, komabe. Chaka chomwecho Nigeria inatumiza Lionheart ya Genevieve Nnaji, koma a Oscar anaikana chifukwa Chingerezi chinachuluka.

Shasha wa ku Zomba: Ndiye kuti Chichewa chathu chinakapikisana chitavala mbendera ya atsamunda kkkk

Admin Bambo Phiri: Musaiwale kuti chaka cham'mbuyo mwake Malawi inatumizako yakeyake, The Road to Sunrise ya a Shemu Joyah. Kanali koyamba dziko lathu kutumiza filimu kumeneko. Tisamayankhule ngati kuno kulibe ojambula.

Ankolo Zamagetsi: Ine za chiyankhulo ndasiyira aphunzitsi. Changa ndi chimodzi, ndipo ndakhala ndikuchinena kuyambira 2019: mapeto a filimu ija si mmene zinachitikira. Mu filimu makina azungulira, pampu yalira, madzi atuluka pachitsime, anthu adzala dimba, njala yatha. Zokoma kuona. Koma makina oyamba amene William anamanga mu 2002, ali ndi zaka 14, anayatsa babu. Babu limodzi, atalinyamula m'manja pamwamba pa nsanja, anthu amene ankamunena kuti wapenga ataunjikana pansi. Kenako anakokera waya m'nyumba, mababu anafika anayi, ndi wailesi. Iye mwini ankawatcha magetsi a mphepo. Za madzi zinabwera patapita zaka.

Mayi a Tadala: Ankolo mukundiuza zoona? Ine ndinalira pa madzi paja.

Ankolo Zamagetsi: Lirani ndithu mayi, koma mwalirira pampu ya mu filimu. Ndikufotokozereni monga munthu amene ndagwira mawaya moyo wanga wonse. Dayinamo wamba ya njinga, ija imakhudza tayala, zambiri zimalembedwa 6 volts, 3 watts. Zilipo zokulirapo za 12 volts, koma mphamvu yake ndi yoyatsira nyale basi. Kukoka madzi pansi pa chitsime, okwanira kuthirira munda wa mudzi, pamafunika mphamvu yoposa pamenepo kutalitali. Chinanso, dayinamo ya njinga imatulutsa moto wa AC, wopita uku ndi uku, pamene batire ya galimoto imafuna DC, woyenda njira imodzi. Ukangolumikiza osaikapo kanthu, batire silowa moto. William anazindikira zimenezi powerenga, n'kuchotsa diode mu wailesi yakale kuti moto uziyenda mbali imodzi.

Kwa ine nzeru za mwana uja zili pa tinthu timene filimu inadumpha. Mapiko anapanga ndi paipi ya pulasitiki, kuidula m'litali, kuiwamba pamoto, n'kuiwongola kuti ikhale yafulati. Pobowola analibe chobowolera, ankatenthetsa msomali wozikidwa mu chitsononkho. Fani ya thirakitala anaitola kumalo otayirako zitsulo a esiteti ya fodya pafupi ndi sukulu yake ya Kachokolo. Maswitchi anapanga ndi mphira wa patapata. Ndiye pali chimene chimandivula chipewa: mawaya ake anali osakutira bwino, denga la udzu, moto ukanatha kubuka. Anapanga chodulira moto yekha, misomali iwiri yokulungidwa waya ndi maginito ya mu sipika pakati. Moto ukachuluka, maginito imakokedwa mbali imodzi n'kudula. Ine ndinaphunzira zimenezo kukoleji ndi mphunzitsi ndi bolodi. Iye anaona pa chithunzi cha belu lamagetsi m'buku.

Shasha wa ku Zomba: Ankolo, patapata kukhala switchi? Ine zanga zikaduka ndimangolowetsa msomali.

Aphunzitsi Nachisale: Achimwene a zamagetsi, zonse mwanenazo n'zoona, koma musawaweruze kwambiri ojambulawo. Maganizo a pampu sanawapeke. William yemwe amanena kuti ataona chithunzi cha makina amphepo pachikuto cha buku la ku laibulale lotchedwa Using Energy, chimene chinamugwira mtima n'choti makina otere angathe kupopa madzi, banja n'kumakolola kawiri pachaka. Loto linali la madzi kuyambira pachiyambi. Filimu inangotenga zaka zingapo n'kuzipanikiza mu nyengo imodzi. Ili ndi mphindi 113 zokha.

Ankolo Zamagetsi: Madamu, kupanikizako ndi kumene ndikukana. Mwana akaonera filimu ija amatuluka ndi maganizo oti ukangopanga chinthu, mawa lake mudzi wapulumuka. Pamene zoona zake n'zakuti mnyamata uja anayatsa babu mu 2002, n'kukhalabe pakhomo osapita kusukulu zaka zina zingapo. Makina akuzungulira, iye fizi alibe. Mpaka mu 2006 pamene a Hartford Mchazime, a bungwe limene linkayang'anira malaibulale aja, anabwera kudzaona n'kuitana atolankhani, Daily Times n'kulemba. Ndiye mu 2007 anamuitana ku Arusha, ku Tanzania, ku msonkhano wa TED, kumene anthu amakamba za nzeru zatsopano. Ndalama zimene anthu anasonkha pambuyo pake ndi zimene zinakumba chitsime chakuya n'kuikapo pampu ya sola. Zaka zinayi zija za kudikira, osadziwika ndi aliyense, kwa ine ndiye nkhani yeniyeni.

Wa ku Chamama ali ku Joni: Ankolo akunena zoona pa zaka zimenezo. Ndipo sikuti anthu ankangomuombera m'manja ayi. M'buku akufotokoza kuti mvula itavutanso, ena anayamba kunena kuti makina aja ndi aufiti, akuthamangitsa mitambo. Ife a kumudzi tikudziwa mmene nkhani yotere imayambira, pachitsime m'mawa, pofika madzulo mudzi wonse wagwirizana. Koma anthu omwewo ankabwera kudzatchajitsa mafoni.

Mayi a Tadala: Ine buku sindinawerenge. Zina zimene anasintha ndi ziti? Ndifotokozereni ndikamuuze mwanayu zoona.

Aphunzitsi Nachisale: Zilipo zingapo. William kwawo anabadwa mnyamata yekha pakati pa atsikana asanu ndi mmodzi, koma mu filimu mukuona Annie ndi khanda lija, Tiyamike. Khandalo ndi loona, linabadwadi m'nyengo ya njala. Msuweni wake Geoffrey, mwana wa malemu a John, amene ankakonza naye mawailesi komanso anamuthandiza kumanga nsanja, m'buku ali paliponse koma mu filimu malo ake anawapatsa ena.

Dayinamo nayo. Zoti Annie anathawa ndi mphunzitsi zinachitikadi, koma dayinamo siinachokere kwa mphunzitsiyo ngati malipiro otsekera pakamwa mlongo wake. Anagula ndi Gilbert, ndi ndalama zake, kwa munthu amene ankadutsa ndi njinga. Ndiye njinga ya bambo ake. Mu filimu ndi njinga yoyenda, chuma chomaliza cha banja, mpaka William kubwera ndi anzake kudzalimbana ndi bambo ake. M'buku inali njinga yowonongeka, yongotsamira kukhoma, bambo akuti ndidzaikonza. Anakana poyamba, mwana anachonderera, mapeto ake analola.

Shasha wa ku Zomba: Njinga ya "ndidzaikonza" ija ili m'nyumba iliyonse m'Malawi muno. Kwathu ilipo kuyambira nthawi ya a Muluzi.

Wa ku Chamama ali ku Joni: Malo amene aja a anyamata kubwera kudzaopseza bambo ine anandinyansa. Mwana wa ku Kasungu, wa zaka 14, kusonkhanitsa anzake kuti akalande njinga kwa bambo ake omubereka? Mudzi ukanamuyankha tsiku lomwelo. Pamenepo anaika za kwawo.

Mlamu wa ku Leeds: Achimwene, pamenepo anafuna mkangano wa bambo ndi mwana kuti filimu ikhale ndi msana. Komanso Ejiofor anadzilembera yekha malo oti aonetse luso, tisanamizane. Koma ine ndinakonda kuti sanawapange a Trywell kukhala munthu woipa. Ndi bambo amene walima, wachita zonse zimene amadziwa, ndipo zakanika. Pamene akulima dothi louma ngati wopenga paja, ine ndinaona bambo anga.

Mayi a Tadala: Nanga galu? Tadala ndiye funso lake lalikulu limenelo. Wamng'ono wanga analira mpaka kugona osadya.

Aphunzitsi Nachisale: Galu wa mu filimu ndi wosewera chabe, muuzeni mwana asade nkhawa. Koma Khamba, galu weniweni wa William, anafadi ndi njala ija, ndipo m'buku nkhani yake ndi yowawa kuposa mu filimu. Galu atafooka kwambiri, anzake anamuumiriza William kuti amuchotse pamavuto. Anapita naye kutchire, n'kumumangirira kumtengo, n'kumusiya. Atabwerera anapeza wafa pomwe anamusiya. Ine ndinatseka buku tsiku limenelo. Wamng'onoyo musamuuze zimenezi, Tadala yekha mwina.

Gogo Nabanda: Ndakhala ndikungowerenga, mdzukulu wanga ndi amene akundilembera. Inu mukukamba za filimu, ife chaka chimenecho tinachiona ndi maso. Ndinali ku Dowa. Gaga amene tinkapatsa nkhuku anasanduka chakudya cha anthu, ndipo naye anayamba kugulitsidwa. Ufa tinkagula wa m'timapepala tating'ono tija ankati walkman. Anthu anadya zitsa za nthochi, ena anadya mizu yosadziwika n'kutupa. Mbuzi unkagulitsa pamtengo wa nkhuku. Ndinaima pamzere wa chimanga kuyambira usiku mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerera ndi thumba lopanda kanthu. Filimu imeneyo ana anandionetsa, pamene anthu akuthamangira galimoto ndi kukankhana pa geti ndinawauza kuti zimitsani. Chichewa chawo sindinachimve bwino, koma njalayo anaijambula yeniyeni.

Mayi a Tadala: Pepani agogo. Ife tinali ana m'tauni, tinkangomva.

Admin Bambo Phiri: Zikomo agogo potiuza. Kwa achinyamata amene simunaione: mvula ya 2001 inawononga mbewu m'madera ambiri, zokolola zinachepa, ndipo chimanga chosungira dziko pa nthawi ya mavuto chinali chitagulitsidwa. Mpaka lero anthu amakanganabe kuti wolakwa ndani pakati pa boma la nthawi imeneyo ndi a IMF amene analangiza zochepetsa nkhokwe. Boma linachedwa kuvomera, linadzalengeza kuti dziko lili pa ngozi mu February 2002, anthu atayamba kale kufa, kolera nayo ili mkati. Nkhani ya mfumu kuyankhula pamsonkhano wa pulezidenti n'kumenyedwa pambuyo pake si yopeka ya filimu, ili m'buku la William. Koma chonde tisalowe ndale za zipani, gulu lino si la zimenezo.

Shasha wa ku Zomba: Tamva bwana admin. Ndifunse za gule ndiye. Zilombo zija zinali zenizeni kapena anangoveka anthu?

Wa ku Chamama ali ku Joni: Iwe Shasha, funso limenelo safunsa choncho. Gule ndi gule, amachokera kudambwe. Amene tinalowa sitiyankha zimenezo pa foni.

Shasha wa ku Zomba: Pepani akuluakulu, ndalakwa, musandilipitse nkhuku kkkk

Mayi a Tadala: Ine pamenepo ndinali ndi funso lina. Banja lija ndi lopemphera, maliro a mpingo, ndiye gule akutulukiranso. Zimatheka? Kwathu ku Mulanje sindinazionepo.

Wa ku Chamama ali ku Joni: Kwathu mudzi umodzi umakhala ndi a mpingo ndi a gule, pena banja limodzi. A mpingo amaletsa anthu awo, inde, ndipo maliro a mkhristu weniweni gule sabwera wamba. Koma maliro a mfumu kapena a munthu wolowa, gule ayenera kufika kudzaperekeza mzimu. Chimene ndinakonda n'choti sanamuonetse gule ngati chinthu choopseza azungu kapena chokongoletsera chabe. Amabwera pa imfa, amapita, amadzabweranso, monga mmene zimakhalira. Makanja wamtali uja akuyenda m'munda mwakachetechete, thupi langa linachita tsembwe.

Aphunzitsi Nachisale: Paja UNESCO inalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha dziko lonse lapansi mu 2005, pamodzi ndi anzathu a ku Zambia ndi Mozambique. Koma ine ndikuganiza kuti anthu akunja ambiri anamuona koyamba mu filimu imeneyi osati m'mabuku a UNESCO.

Mlamu wa ku Leeds: Kukongola kwa zithunzi kuja kuli ndi mwini wake. Anagwira kamera ndi Dick Pope, mkulu wa ku Britain amene anajambula mafilimu ambiri a Mike Leigh ndipo anapikisanapo pa Oscar ndi Mr. Turner. Anamwalira mu 2024. Nyimbo anapeka Antônio Pinto wa ku Brazil, mmodzi mwa amene anapeka za City of God. Filimuyi inayamba kuonetsedwa ku chikondwerero cha mafilimu cha Sundance mu January 2019, kumene inapata mphoto ya Alfred P. Sloan, imene amapereka kwa filimu yokamba za sayansi. Kenako ku chikondwerero cha ku Berlin, ndiye Netflix pa 1 March. Kuno tinaonera ndi anzanga a ku Zimbabwe ndi ku Chipata, a ku Chipata ndiye ankaseka kuposa ine.

Ankolo Zamagetsi: Mphoto ya sayansi, pampu ikuyendera dayinamo ya njinga. Chabwino.

Shasha wa ku Zomba: Ankolo simudzaikhululukira pampu imeneyi eti? Kkkkk

Ankolo Zamagetsi: Sindidana nayo filimu, ndaionera katatu. Koma amene akufuna kuona zimene zinatsatira aonere William and the Windmill ya 2013, imene si sewero koma anamutsatira William weniweni ndi kamera zaka zingapo. Inapambana ku chikondwerero cha SXSW ku America. Mmenemo mumaona mnyamata atalemedwa ndi kutchuka, aliyense akumuyembekezera. Anabwerera kusukulu ali wamkulu kale, ku Lilongwe, kenako African Leadership Academy ku Johannesburg, n'kukamaliza ku Dartmouth College mu 2014. Kuchoka pa babu lija kufika pa digiri, zaka 12.

Gogo Nabanda: Mwanayo ali moyo?

Aphunzitsi Nachisale: Ali moyo agogo, anabadwa mu 1987. Ali ndi bungwe lake la Moving Windmills limene limagwira ntchito ku Kasungu komweko. Kumapeto kwa filimu amamuonetsa iye weniweni ndi abale ake, ambiri amazimitsa mayina akangoyamba kukwera ndiye saona.

Mayi a Tadala: Ifenso tinazimitsa, tibwereza. Zikomo nonse, ndamuwerengera Tadala zonse kupatula za galu. Koma mwandiputira mavuto. Kuyambira dzulo akuzungulira njinga ya bambo ake, ndipo fani yathu yakufa ija yasowa pamene inali. Akuti ndifunse ankolo kuti dayinamo angaipeze kuti, poti njinga za masiku ano zonse ndi za matochi otchaja.

Ankolo Zamagetsi: Dayinamo zasowadi. Ayese kwa okonza njinga achikulire kumsika, ena amasunga m'mabokosi mwawo. Akalephera, asavutike nayo. Apeze kamota ka mu wailesi yakale ya kaseti kapena ka galimoto ya chidole, alumikize kababu ka LED, mapiko adule ku botolo la pulasitiki. William nayenso anayamba ndi kakang'ono koyesera asanamange chachikulu. Kakapanda kuyaka atembenuze mawaya, LED imalola moto mbali imodzi yokha. Koma mumuuze mawu awa ochokera kwa ine: soketi ya m'nyumba asayandikire, ndipo padenga asakwere popanda munthu wamkulu.

Shasha wa ku Zomba: Ndipo bambo a Tadala njinga azigona nayo kuchipinda.

Mayi a Tadala: Aimangirira kale ndi tcheni ku mwendo wa bedi. Ankolo, akuti kamotako kakhale ka ma volts angati?